Thanki Yanga Inalibe Mchenga

Chizindikiro choyamba chinali kachotupa kofiirira pa mfundo ya chala chapakati cha dzanja langa lamanja. Ndinakaona m'mawa wina kumapeto kwa Okutobala ndikuchapa. Sikankapweteka, kankangoyabwa pang'ono ndikakhudza sopo, ndipo ndinaganiza kuti ndalumidwa ndi kachilombo. Pamalo omwewo ndinali nditadzicheka ndi galasi milungu itatu m'mbuyomo, koma balalo linali litapola kale, moti sindinaganize kuti ziwirizi n'zogwirizana.

Dzina langa ndine Esinati. Ndimakhala ku Mtendere ndi ambuya anga, amayi a malemu mayi anga, amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi makolo anga onse atamwalira. Nyumba ndi ya ambuya, ya zipinda zitatu, pa puloti imene anapeza komboni isanadzaze. Ambuya amagulitsa vitumbuwa ndi mtedza wokazinga pakhomo, pafupi ndi mpopi umene anthu a mzere wathu amatungapo madzi.

Galasi limene linandicheka linali la thanki ya nsomba. Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, ndipo abwana anga atagula thanki yatsopano anandipatsa yakale chifukwa inali yobenthuka pakona imodzi. Ndinabwera nayo pa wilibala. Kumayadi thanki imakhala ndi pampu yopopera mpweya, nyali, mchenga pansi ndi zomera zozika mizu mumchengamo. Kwathu malaiti amapita m'mawa n'kubwera pamene afunira, choncho pampu ikanangokhala chokongoletsa. Ndinaganiza zokonza thanki yosafuna magetsi. Mchenga sindinaikemo ngakhale wodzaza dzanja, chifukwa umasunga zonyansa za nsomba ndipo popanda pampu madzi amanunkha. Pansi ndinasiya galasi lokhalokha kuti ndiziona zonyansazo n'kumazikoka ndi kapaipi Loweruka lililonse. Zomera ndinaika zoyandama zokha: zina zooneka ngati tikabichi, zina za timasamba tochepa ngati njere za mpunga, ndi namasupuni mmodzi pakona. Mizu yake inkalendewera m'madzi ngati ndevu, ikuyeretsa madzi ndi kubisa ana a nsomba kuti zikuluzikulu zisawadye. Pakati ndinayandamitsa kapaipi kopinda ngati mphete, kuti pakhale kabwalo kopanda zomera kothirirapo chakudya. Nsomba zinali zazing'ono, za michira yamawangamawanga.

Thankiyo inali pawindo la pabalaza, ndipo aliyense wobwera kudzagula vitumbuwa ankasuzumira. Amake Bupe, oyandikana nafe, ankabwera pafupifupi tsiku lililonse. Ankaseka kuti nsomba zanga zimagona pa simenti ngati anthu a pamaliro, chifukwa pansi panalibe kanthu.

M'mwezi wa Novembala kachotupa kaja kanakula, kanada, kenako kanaphulika n'kumatulutsa timadzi tosakanikirana ndi mafinya. Ndinapita kukiliniki. Anatsuka, anamanga, n'kundipatsa makapisozi a mlungu umodzi. Ndinawamaliza koma chilonda sichinasinthe. M'malo mwake kachotupa kachiwiri kanatuluka kuseri kwa dzanja, kachitatu pomangira wotchi. Nditabwerera anandiyeza magazi, shuga ndi kachilombo, zonse zinali bwino, ndipo anandisinthira mankhwala. Pofika pakati pa Disembala zotupa zinali zisanu, zitandandalikana mumzere umodzi kulowera kuchigongono ngati mabatani a malaya. Malungo ndinalibe, ndipo ndinkadya bwino. Abwana anandiuza kuti ndikhale kunyumba kufikira dzanja litapola, chifukwa ndinkaphikira ana. Namwino wa kukiliniki anandilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha m'tauni, n'kunena kuti ndisadutsitse mlungu.

Kalatayo sindinapite nayo, ndipo chifukwa chake ndi amalume a Lakisoni.

Amalumewa ndiwo mwana yekha wa ambuya amene watsala. Amawotcherera mageti ndi mawindo m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Kwa zaka ziwiri anali akuumiriza ambuya kuti agulitse puloti kwa munthu wina wofuna kumangapo mashopu, iwo abwerere ku Katete kumene anachokako ali mtsikana. Ambuya ankawayankha mofanana nthawi zonse: "Nikachite chani ku Katete? Nikagulise vitumbuwa kwa mbuzi?"

Pa Khirisimasi amalume anabwera kudzadya. Anaona mkono wanga, anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana thanki, n'kuyang'ananso mkono. Ndinaona m'maso mwawo kuti akuwerengera zinthu. Ananena kuti, "Aya si matenda ya ku chipatala aya." Atatero anapempha kalata ija kuti akaipereke kwa mnzawo wogwira ntchito kuchipatalako, ati kuti ndisakavutike pamzere. Ndinawapatsa. Sinabwerenso.

Lamulungu lina pakati pa Januwale, dzuwa litapendeka, amalume anafika ndi mneneri wa tchalitchi chawo ndi anthu ena oposa khumi, mmodzi akujambula ndi foni. Anthu a pampopi anasiya zidebe n'kudzaunjikana pakhomo ndi pawindo. Mneneriyo anagwira mkono wanga, anayang'ana kudenga, n'kulengeza kuti m'nyumba muno muli mizimu ya m'madzi. Anati ambuya anandikwatitsa kwa mzimu wokhala m'thanki, kuti zilondazo ndi malowolo ake, ndiponso kuti mayi anga anafera pangano lomweli. Ambuya anali atakhala pakampando kawo, manja ali ndi ufa.

Ine ndinali pakona, pafupi ndi thanki, ndipo ndinaona zonse. Mneneri anaviika dzanja m'madzi osapinda mkono wa jekete. Zomera zoyandama zinabisa dzanjalo kwa anthu oyang'ana kuchokera pamwamba, koma ine ndinali pansi, maso anga ali pagalasi. Ndinaona kathumba kakuda kakutsika kuchokera mumkono wa jekete kulowa m'chikhato chake. Anakakweza m'mwamba akukuwa kuti wakafukula pansi pa mchenga, pamene nkhalambayi inakakwirira zaka zambiri zapitazo. Kathumbako kanali komangidwa ndi waya wopyapyala, wopotedwa kumapeto ndi pulayazi n'kupindidwira mkati. Umo ndi mmene amalume amamangira chilichonse, kuyambira khola la nkhuku mpaka chikwama chawo cha zitsulo.

Thanki inalibe mchenga, ndipo inali isanathe chaka m'nyumba mwathu. Theka la anthu amene anali pawindo ankadziwa zimenezi. Ndinayang'ana amake Bupe, iwo anayang'ana pansi. Inenso sindinalankhule, ndipo pa zimenezi ndimadziimba mlandu ine ndemwe.

Amalume ndi bambo wina anatulutsa thanki panja, ndipo amalume anaiphwanya ndi hamala. Pokankha galasi lomaliza anadzicheka patsinde pa chala chachikulu cha dzanja lamanzere, koma anapitiriza kutola zomera m'madzi otayikawo ndi dzanja lomwelo n'kumaziponya mu ngalande. Nsomba anaziponda ndi nsapato. Ambuya ataona magazi anadzuka, anang'amba nsonga ya chitenje chawo kuti awamange. Amalume anawakankha ndi chigongono n'kunena kuti, "Musanigwire, mfiti imwe."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anagulanso chitumbuwa pakhomo pathu. Ambuya ankakazingabe m'mawa uliwonse kwa mlungu wathunthu, n'kumakhala pafupi ndi beseni lodzaza mpaka madzulo, kenako anasiya. Akapita kumpopi azimayi ankasuntha zidebe zawo. Ana ankagenda denga. Kanema wa pafoni uja anafalikira komboni yonse. Amalume anauza achibale a ku Chawama kuti njira yokha yopulumutsira ine ndi kuchotsa ambuya m'nyumbamo.

Kwa milungu itatu ndinkapita kumapemphero a mneneri uja. Ambuya eni ake ndiwo anandiuza kuti ndizipita, mwina anthu atisiya. Ankandipaka mafuta pazilonda ndi kundisalitsa kudya mpaka dzuwa kulowa. Zotupa zinafika zisanu ndi ziwiri, zitatu zili zotseguka. Chala chapakati chinatupa chonse n'kusiya kupindika, ndipo ululu unayamba kufika m'chikhato. Tsiku limene ndinalephera kugwira supuni ndinabwerera kukiliniki.

Namwino yemwe uja anandizindikira. Anamasula nsanza imene ndinamanga, anapuma mozama, n'kunena kuti, "Mwana wanga, kalata tinakupasa mu Disembala. Unali kuti?" Analemba ina, n'kuiika m'dzanja langa lamanzere, n'kulifumbatitsa.

Kuchipatala chachikulu ndinapita ndekha, Lachiwiri loyamba la Febuluwale. Ndinakwera minibasi yoyamba, koma ndinapeza mabenchi atadzaza kale. Pali mzere wotsegulitsa khadi, wina woyezetsa kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kenako wachitatu pakhomo pa chipinda cha matenda a pakhungu. Munthu amasuntha ndi matako pabenchi, malo amodziamodzi, osachoka ngakhale kukamwa madzi. Ndinaitanidwa nthawi ya nkhomaliro itadutsa.

Dokotala anali mayi wachitsikana wolankhula pang'onopang'ono. Anatsata mzere wa zotupa ndi chala kuyambira pamfundo mpaka pachigongono, n'kupapasa m'khwapa. Anandifunsa ntchito imene ndimagwira, ngati ndimalima maluwa aminga, ngati tili ndi mphaka. Kenako anafunsa kuti, "Nanga nsomba, mumagwira? Kusenda, kugulisa, olo kusunga?" Ndinaganiza kuti nayenso waona kanema uja. Ndinayankha kuti ndinali ndi thanki, ndipo inandichekapo. Anagwedeza mutu n'kulemba. Tsiku lomwelo anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, anadula kachidutswa ka chotupa chimodzi kochepa ngati njere ya mapira, n'kusoka kawiri. Ananditumizanso kukajambulitsa chifuwa.

Anati ndibwere pakatha milungu itatu. Nditabwera zotsatira zinali zisanatuluke. Ndinabweranso mlungu wotsatira, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, n'kubwereranso chimanjamanja. Namwino anandifotokozera kuti kachilombo kamene akukafuna kamakula mochedwa kwambiri, sangakafulumizitse. Zotsatira zinatuluka chapakati pa Malichi. Dokotala anati ndi kachilombo ka pachibale ndi ka chifuwa chachikulu, koma kokhala m'madzi a nsomba. Kamalowa pabala, kamakwera pang'onopang'ono motsata mitsempha ya pansi pa khungu, sikamva makapisozi wamba, ndipo munthu sangapatsire mnzake. Anati ndikanabwera mu Disembala mapiritsi okha akanakwana, koma tsopano kafika mumtsempha wopinda chala, ndipo pafunika kutsegula n'kutsuka.

Ndiye kuti thanki ndi imene inandidwalitsadi. Pamfundo imodzi imeneyi mneneri sanaphonye, ndipo zinandiwawa kuposa chala.

Ndinagonekedwa masiku anayi. M'wodi amadzutsa kusanache bwino kuti ayeze kutentha kwa thupi, kenako otsuka pansi amalowa, kenako madokotala amazungulira bedi ndi bedi akulankhulana okhaokha. Mabandeji ankasintha m'mawa, ndipo nthawi imeneyo ndinkaluma pilo. Ambuya ankabwera nthawi ya alendo masana, atakwera maminibasi awiri, chakudya chili m'kabaketi. M'wodimo palibe ankadziwa za kanema. Amayi ena odwazika ankawapatsa malo pabenchi, ankagawana nawo mchere ndi sopo. Tsiku lachitatu ndinawamva ambuya akuseka ndi mayi wina wa ku Matero. Kanali koyamba kumva kuseka kwawo kuyambira Lamulungu lija. Ndinatembenukira kukhoma, ndipo pamenepo ndi pamene ndinatsimikiza kuti amalume adzabweza zimene anatenga, pamalo pomwe anazitengera.

Nditatuluka ndinayamba kumwa mitundu iwiri ya mapiritsi tsiku lililonse. Mtundu umodzi unkasandutsa mkodzo kukhala wofiirira, zimene anandichenjeza kale kuti zisandiopse. Milungu iwiri yoyamba ndinkachita nseru m'mawa ndipo m'kamwa munkamveka ngati ndanyambita chitsulo. Mwezi uliwonse ndinkabwerera kukatengedwa magazi oyeza chiwindi ndi kukalandira mapiritsi ena. Anandiphunzitsanso kupinda chala m'madzi ofunda katatu patsiku. Mwezi woyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndipo dokotala anati ndi mmene zimakhalira, ndisasiye.

Kumapeto kwa Malichi amalume anabwera ndi munthu wogula uja kudzayeza puloti. Sanalowe m'nyumba ndipo sanapereke moni kwa ambuya. Ndinali pakhonde, dzanja lili m'bandeji. Pamene amalume ankakoka tepi yoyezera pafupi ndi ine, ndinaona patsinde pa chala chawo chachikulu chakumanzere, pachipsera cha galasi lija, kachotupa kofiirira. Ankakakanda pa thalauza osadziwa. Ndinakazindikira ngati mmene munthu amazindikirira mbale yake pakati pa mbale za pamaliro. Kalata ya dokotala yokhala ndi dzina la matendawo inali m'chikwama changa m'chipinda, masitepe asanu kuchokera pamene ndinakhala. Sindinadzuke.

Njira ya matendawo ndinkaidziwa, choncho ndinkawerenga milungu. Ndinkadziwa nthawi imene kachotupa kadzaphulike, nthawi imene adzapite kukalandira makapisozi osathandiza, ndi nthawi imene kachiwiri kadzatuluke. Zonse zinachitika motero. Mu Epulo ambuya anamva kwa anthu kuti mkono wa mwana wawo wayamba ngati wanga. Anatumiza uthenga kuti apite kuchipatala chachikulu. Yankho linabwera lakuti iwo salandira malangizo kwa mfiti. Mneneri ananena kuti ambuya abweza chilango kwa mwana wawo chifukwa chophwanya thanki, ndipo komboni inakhulupirira kuposa poyamba. Achibale a ku Chawama anagwirizana kuti Loweruka lomaliza la Juni adzabwera kudzawaperekeza ambuya ku Katete.

Ndiyenera kunena poyera kuti kukhala chete kwanga kunawonjezera mavuto a ambuya m'miyezi imeneyo, ndipo ndinkadziwa. Tsiku lina akusankha nyemba anandiuza osandiyang'ana kuti, "Esinati, umupeleke kwa dokotala wako. Iwe azakumvera, waona kwanja kwako kwayamba kuuma. Ni mwana wanga uja." Ndinawayankha kuti ndidzawaperekeza akadzabwera okha kudzapempha. Ambuya anati, "Nanga akamudula kwanja?" Ndinati dzanja ndi lawo, miyendo yobwerera kuno ndi yawonso. Kanali koyamba kuwakanira ambuya chinthu chiyambire kundilera. Sanandilankhule masiku awiri.

Pofika Meyi zilonda zanga zinali zitatseka, zotupa zikuphwa, pakutsala mabanga akuda. Ndinasiya kuvala malaya a mikono italiitali. Pochokera kuchipatala ndinayamba kutsikira ku Kalingalinga m'malo mofika ku Mtendere, n'kumadutsa wapansi pamene amalume amagwirira ntchito. Ndinkaima, ndinkapinda maondo mwaulemu, n'kupereka moni nditagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere monga mwana wolera bwino, kuti auone wonse. Iwo anali atamanga nsanza kuyambira pachala mpaka pakati pa mkono. Golovesi yowotcherera inali itasiya kulowa, ndipo chitsulo chinkawapulumuka. Geti limodzi ndinalipeza pamalo amodzi maulendo atatu, lisanathe. Ankayankha moni maso ali pamkono wanga.

Amalume anabwera Lachinayi lina kumayambiriro kwa Juni, m'mawa, kukuzizira. Anaima kunja kwa mpanda n'kuitana dzina langa motsitsa. Anali ataonda. Ananena kuti, "Mwipwa wanga, nipaseko mapilisi yako yangono chabe, niyeseko. Nchito yaima. Ku chipatala chikulu niyopa, bakamba ati bazanidula."

Ndinawauza kuti mapiritsi sagawana, ndipo a masiku ochepa sangachite kanthu. Ndinati ndili ndi kalata yokhala ndi dzina la matendawo, ndikudziwa chipinda chake ndi tsiku limene dokotala amakhalapo, ndipo nditha kuwaperekeza Lachiwiri. Nkhope yawo inamasuka. Kenako ndinati, "Koma Loweruka m'mawa, pamene pampopi pamakhala mzere, mudzaime apo mudzanene amene anamanga kathumba kaja."

Anati sakudziwa zimene ndikunena. Ndinawauza kuti waya uja anaupinda kumapeto ngati wa khola la nkhuku, ndipo ndinaona kathumbako kakutsika mumkono wa jekete. Anati, "Iwe mwana, ufuna kunivula pamaso pa bantu? Nine malume wako ine." Ndinayankha kuti ambuya ndi mayi awo, ndipo anavulidwa pamalo omwewo. Anatukwana n'kuchoka. Ndinalowa m'nyumba osadziwa ngati adzabwera. Kuchokera tsikulo kufika Loweruka la achibale kunatsala milungu itatu.

Loweruka la mlungu umenewo amalume sanabwere. Anabwera lotsatira. Pampopi panali anthu ambiri chifukwa madzi anali atasowa masiku awiri. Ine ndinatulutsa kampando ka ambuya n'kuwakhazika pakhomo. Amalume anaima pafupi ndi zidebe, anavula chipewa, n'kuyamba kulankhula motsitsa kwambiri. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kwezani mau ba Lakisoni, mu Januwale munali na mau!" Anakweza. Ananena kuti kathumba kaja anakamanga okha, munali makala ndi tsitsi la kumalo ometera, ndipo anakapereka kwa mneneri Loweruka, dzulo lake la Lamulungu lija. Ananena kuti ankafuna puloti. Ananena kuti amayi awo si mfiti ndipo sanaphe mlongo wawo. Pamawu omalizawa anayang'ana ambuya.

Madzi ankasefukira m'chidebe cha munthu wina. Kenako amake Bupe anawomba m'manja n'kunena mokweza kuti, "Ine ninadabwa tsiku lija! Ati pansi pa mchenga. Mchenga uti? Nsomba zija zinali kugona pa simenti!" Anthu anaseka. Ndinadikira kuti kuseka kuthe, n'kunena kuti, "Munadabwa mwakachetechete, amake Bupe. Miyezi isanu." Ena angapo amene ankakonda kusuzumira pawindo anayamba kukonza zidebe zawo.

Ambuya anadzuka, anapita kwa amalume, anamasula nsanza yakuda ija pamaso pa onse, anayang'ana zilonda, n'kulowa nawo m'nyumba kukawatsuka ndi madzi amchere.

Lachiwiri ndinawaperekeza monga ndinalonjeza. Tinakhala pabenchi limodzi kuyambira m'mawa. Dokotala atamva kuti anadzicheka ndi galasi la thanki yomwe ija, anandifunsa kuti ndinaona liti chotupa chawo choyamba. Ndinati kumapeto kwa Malichi. Anawerenga milungu pakalendala ya pakhoma, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Nawonso amalume anagonekedwa n'kutsukidwa chala. Dzanja silinadulidwe, koma chala chachikulu sichipindikanso bwino, ndipo masiku ano chitsulo amachigwira ndi chopanira. Achibale a ku Chawama sanabwere. Wogula uja anakapeza puloti kwina. Mneneri anasamutsa tchalitchi chake, ndipo ndikumva kuti ali ku Kabanana.

Ine ndinamaliza mapiritsi mu Seputembala, patadutsa miyezi iwiri zilonda zonse zitatheratu, monga dokotala analamula. Magazi a chiwindi anatuluka bwino nthawi zonse. Pamkono pali zipsera zisanu ndi ziwiri mumzere, ndipo chala chapakati chimapindika theka lokha, moti pofinya zovala ndimagwiritsa ntchito kwambiri dzanja lamanzere. Ndinabwerera kuntchito. Ambuya akukazinganso vitumbuwa, ndipo beseni limatha dzuwa lisanafike pamutu. Amake Bupe amagula, ine ndimawapatsa chenji chawo bwinobwino, koma pawindo ndinaikapo katani.

Thanki ndinakonza ina. Dokotala anati palibe choletsa, bola ndizivala magolovesi ofika m'chigongono ndipo ndisaviike dzanja ndikakhala ndi bala. M'mphepete monse mwa galasi ndinamata tepi yokhuthala. Zomera ndi zoyandama zokha monga kale, mphete yodyetsera ili pakati, ndipo pansi ndi galasi lokhalokha. Amalume amabwera Lamulungu lililonse tsopano, ndipo ambuya amawaphikira ngati palibe chinachitika. Ine sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira kuti ndatero. Ndimawapatsa moni, ndimawathirira madzi osamba m'manja, ndipo mpando wawo ndimauika moyang'anana ndi thanki, pamene munthu akakhala amaona mpaka pansi.

Kwa amene akuwerenga, ndinene izi. Chilonda chikakana kupola mutamaliza mankhwala, kapena zotupa zikayamba kukwera mkono mumzere, pitani kuchipatala mlungu womwewo. Akakupatsani kalata, isungeni pathupi panu, musaipereke kwa wachibale aliyense. Muuzeni dokotala zonse zimene manja anu amagwira, ngakhale nsomba za pawindo zimene mukuona ngati sizikukhudzana ndi matenda. Ine ndinachedwa milungu isanu ndi iwiri chifukwa ndinakhulupirira amalume, ndipo ndinalipira theka la chala. Amalume anachedwa kuposa pamenepo chifukwa ankaopa chipatala, ndipo munthu amene ankadziwa dzina la matenda awo anali ine. Musadikire kuti wina adzakumvereni chisoni n'kukuperekezani. Mwina amene akudziwa njira ndi amene munamuphwanyira thanki.